Kuwerenga nyumba yonse fawundeshoni isanakumbidwe

Mukamayenda mumsewu wa M5 kuchokera pa Kaphatenga kuno ku Salima kulowera ku Khombedza, Benga mpaka ku Nkhotakota, muziyang'ana mbali zonse ziwiri. Muona nyumba zambiri zimene zinaima pa windo. Zina zinafika pa bimu koma denga palibe, mkati munamera udzu, njerwa zinada ndi mvula ya zaka zingapo. Eni ake si anthu aulesi. Ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, alimi a mpunga, ochita geni ya usipa, anthu amene anasunga ndalama movutikira n'kuyamba ntchito ndi mtima wonse. Chimene chinasowa n'choti tsiku limene ankakumba fawundeshoni panalibe amene anawauza chiwerengero cha nyumba yonse, kuyambira thumba loyamba la simenti mpaka loko wa chitseko chomaliza. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndalama zimene zili m'makoma amenewo zinachokera m'thukuta la munthu.

Ine ntchito yanga ili pamenepo. Ndimapanga mafayilo a Excel owerengera zipangizo ndi ndalama zomangira, n'kumawagulitsa kwa amisiri, eni nyumba ndi makomiti a zitukuko. Ndinayamba ndi kuyala njerwa, kenako ndinakhala kalaliki wosunga katundu pa sayiti kwa kontalakita wina. Kumeneko ndi kumene ndinaonera mmene akuluakulu amagwiritsira ntchito BOQ, chikalata chimene chimandandalika chilichonse cholowa m'nyumba, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Chikalata chotere amalemba ndi quantity surveyor, munthu woti anakhala zaka ku sukulu ya ukachenjede monga MUBAS ku Blantyre, ndipo malipiro ake ndi oyenera ntchito zikuluzikulu. Mayi amene akumanga zipinda zitatu ku Thavite sangamufikire. Amangodalira kapepala kamene mmisiri walemba ataimirira pa puloti: simenti matumba akuti, njerwa zakuti, malata akuti. Fayilo yangayi ndinaipangira mayi ameneyo pamodzi ndi mmisiri wakeyo.

Mfundo yake ndi imodzi, ndipo ndiyo ndimayamba kufotokozera aliyense asananditumizire ndalama. Kuchuluka kwa zipangizo ndi mtengo wa zipangizo ndi zinthu ziwiri, siziyenera kulembedwa pamodzi. Khoma la mamita akuti lidzafuna mabuloko omwewo chaka chino, chaka chamawa, ngakhale mdzukulu wanu atakula. Mtengo ndiwo sukhala pansi. Tonse tikukumbukira mu Meyi 2022 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 pamene inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Makoteshoni amene anthu anasunga m'masutikesi anatha ntchito sabata yomweyo. Amene anali ndi kapepala kongonena kuti nyumba yonse ndi mamiliyoni akuti anasowa poyambira, chifukwa sankadziwa kuti mwa mamiliyoniwo a simenti ndi angati, a malata ndi angati, a leba ndi angati. M'fayilo yanga mitengo ili pa tsamba lakelake. Simenti akakwera lero mumasintha kabokosi kamodzi, ndipo fawundeshoni, makoma, bimu, pulasitala ndi silabu zonse zimadziwerengeranso zokha. Mumaona nthawi yomweyo kuti kukwerako kwakudyerani ndalama zingati pa nyumba yonse.

Ndikupatseni chitsanzo kuti muone mmene imagwirira ntchito. Titenge nyumba ya mamita 9 mulitali ndi mamita 7 mulifupi. Makoma akunja akwana mamita 32, tiwonjezere mamita 18 a makoma ogawa zipinda, onse pamodzi mamita 50. Msinkhu wa khoma tinene mamita 2.7. Mukachulukitsa mupeza masikweya mita 135. Koma pa chitseko ndi pa windo sipalowa njerwa, ndiye fayilo imakufunsani kuti zitseko ndi zingati, mawindo ndi angati, aakulu bwanji. Zitseko 6 ndi mawindo 7 a saizi wamba zichotsa masikweya mita pafupifupi 21, kutsala 114. Mabuloko a simenti a masentimita 40 mulitali ndi 20 msinkhu, kuphatikiza matope omangira a pakati, amalowa 12.5 pa sikweya mita imodzi. Ndiye kuti mabuloko 1,425. Ena adzasweka pa lole, ena mmisiri adzadula pa ngodya, choncho timawonjezera 5 pa 100 alionse n'kufika pafupifupi 1,500. Amenewa ndi a makoma a pamwamba okha, a m'fawundeshoni ali ndi mzere wawo.

Pansi pa nyumba yomweyi ndi masikweya mita 63. Mukathira konkire wochindikala masentimita 10, pafunika makyubiki mita 6.3. Apa ndi pamene anthu ambiri amatsegula maso. Mukasakaniza muyeso wa 1:3:6, ndiye kuti gawo limodzi la simenti, magawo 3 a mchenga ndi 6 a kwale, kyubiki mita imodzi imadya matumba pafupifupi 4.4, silabu yonse matumba 28. Mukasankha 1:2:4, imadya matumba oposa pang'ono 6, ndipo silabu yomweyo ifuna matumba 40. Kusiyana kwa matumba 12 pansi pokha! Mwini nyumba akamva mmisiri wina akuti 28 wina akuti 40, amathamangira kuganiza kuti wachiwiriyo akufuna kuba. Mwina sakuba ayi, akunena konkire wa mphamvu ina. Fayilo imakakamiza awiriwa kuti ayambe agwirizana muyeso ndi kuchindikala kwake, za matumba zibwere pambuyo. Mikangano yambiri imene ndaiona pa sayiti ikanatha ndi kukambirana kwa mphindi zochepa kumeneku.

Komabe pa sayiti palibe amene amayeza ndi kyubiki mita. Timayeza ndi wilibala. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limakwana malita pafupifupi 35, ndipo wilibala ya amisiri yodzazidwa molingana ndi milomo yake imanyamula malita pafupifupi 65, kotero matumba awiri amangofanana ndi wilibala imodzi. N'chifukwa chake pambali pa nambala iliyonse ya konkire ndinaikapo mzere wonena m'chinenero cha pa sayiti: pa muyeso wa 1:3:6, matumba awiri, mawilibala 3 a mchenga, mawilibala 6 a kwale. Mnyamata wa fosholo amamva zimenezo. Ndimangochenjeza kuti wilibala yodzazidwa mpaka kuchita kaphiri pamwamba imawononga muyeso wonse, ndipo konkire wake amafooka ngakhale mwagula matumba okwanira.

Denga ndilo limagwetsa anthu ambiri, chifukwa limabwera munthu atatopa kale m'thumba. Pa nyumba yathu ija, denga la mbali ziwiri, theka la mulifupi ndi mamita 3.5. Muwonjezere masentimita 60 otulukira kunja kuti mvula isamamenye khoma, akwana mamita 4.1. Koma dengalo ndi lopendekeka, ndiye lata liyenera kutalika kuposa pamenepo, pafupifupi mamita 4.4 ngati kupendekekako ndi kwa madigiri 20. Kuhadiweya malata amatchula m'mafiti, ndipo lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66 basi. Silifika. Muyenera kulumikiza awiri kapena kuitanitsa odulidwa pa muyeso wanu, ndipo njira ziwirizi mitengo yake ndi yosiyana. Mulifupi mwa lata namonso muli msampha, poti malata amasanjikizana m'mbali. Lata la mtundu wa IBR likakhomedwa limaphimba masentimita 68.6 okha, ndiye denga la mamita 10 mulitali, kuphatikiza zotulukira kunja, lifuna malata 15 mbali imodzi, 30 mbali zonse. Palinso geji: 28 ndi yochindikala kuposa 30, ndipo 30 iposa 32. Kwa amene akumanga ku Senga Bay kapena kwina kulikonse kumene mwera umawomba osatchingidwa ndi kanthu, ine ndimati geji 28 ndi matabwa okwanira, ngakhale zitatanthauza kudikira miyezi ina.

Njerwa zootcha zili ndi nkhani yakeyake. Buloko la pa makina saizi yake imadziwika, koma njerwa ya m'mudzi imatengera chikombole cha woumbayo. Chikombole cha ku Chipoka si cha ku Lifuwu, ngakhale anthu awiri a mudzi umodzi amaumba zosiyana. N'chifukwa chake fayilo simakuuzani kuti njerwa zimalowa zingati pa sikweya mita musanaiuze saizi. Pitani pa uvuni ndi tepi, yezani njerwa zingapo, lembani mulitali, mulifupi ndi msinkhu, iyo iwerenge. Pa zowonongeka ndimaika 15 pa 100, chifukwa za m'mphepete mwa uvuni sizipsa bwino ndipo zambiri zimasweka pokweza ndi potsitsa. Makomiti adziwenso ichi: kuyambira mu 2018, malamulo amene anadzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Komiti yomanga buloko ya sukulu kapena nyumba ya mphunzitsi iyenera kuganizira mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zopsinjidwa pa makina. Ndinaika mitundu itatu yonseyi kuti munthu ayerekeze. Poyerekezapo musaone mtengo wa njerwa imodzi. Onani khoma lonse litamalizika, chifukwa njerwa zazing'ono zokhotakhota zimadya matope omangira ambiri, ndipo pa pulasitala zimadyanso simenti wina wowongolera khomalo.

Tsamba limene ndimalinyadira kwambiri lilibe masamu ovuta. Ndi la zinthu zoiwalika. Madzi ali pamwamba penipeni, chifukwa ngati pa puloti palibe mpopi ndiye kuti mudzalipira amayi otunga pa mjigo kapena ngolo yonyamula madiramu, kuyambira tsiku loyamba mpaka pulasitala, ndipo konkire amafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7 kuti alimbe. Kutentha kwa kuno mu Okutobala kumaumitsa silabu isanagwire mphamvu ngati yasiyidwa. Kenako thiransipoti ya mchenga, kwale ndi simenti, imene imakwera kwambiri puloti ikakhala kutali ndi tala, makamaka m'nyengo ya mvula pamene lole imakana kulowa. Pali waya womangira zitsulo, misomali ya mitundu ingapo, matabwa othirira bimu, pulasitiki yotchinga chinyezi, mankhwala a chiswe, mlonda wa usiku, nsima ya ogwira ntchito ngati munagwirizana choncho, ndalama yovomerezera pulani ku khonsolo, dzenje la chimbudzi, kulumikiza madzi ndi magetsi. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono. Mukaziphatikiza ndi pamene mumazindikira kumene ndalama ya malata inapita.

Pali mzere umodzi umene ndinaukhoma kuti munthu asaufufute, wa bimu yozungulira pamwamba pa mawindo. Anthu ndalama zikachepa amayamba kudula pamenepo poti zitsulo n'zodula ndipo sizioneka nyumba ikatha. Akuluakulu a kuno amakumbukira chivomerezi cha mu Malichi 1989 chimene chinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri m'boma lino la Salima. Tili m'chigwa cha nyanja, dera la zivomerezi, ndipo m'malo ambiri dothi lathu ndi makande, limene limatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, likumakoka nyumba uku ndi uku. Bimu ndiyo imagwira makoma kuti akhale chinthu chimodzi. Pa makoma a mamita 50 aja, zitsulo zinayi zoyenda pamodzi zikwana mamita 200. Chitsulo chimodzi chimabwera cha mamita 12, ndiye ndi 17, muwonjezere ziwiri za polumikizira. Zitsulo 19 ndi maring'i ake. Wofuna kuchepetsa ndalama achepetse pa matailosi kapena pa siling'i, zimenezo zikhoza kudzabwera mutalowa kale m'nyumba.

Tsamba lomaliza ndi la magawo, ndipo ndilo limasandutsa chiwerengero kukhala bajeti. Anthu ambiri kuno sapeza ndalama yonse kamodzi. Mlimi wa mpunga amaipeza akakolola, wa nzimbe ku Dwangwa akalandira za nzimbe zake, mwini bwato usipa ukagwa bwino, mphunzitsi pang'onopang'ono pa mwezi ndi pogawana za banki mkhonde kumapeto a chaka. Ndiye fayilo imagawa nyumba m'magawo: fawundeshoni ndi silabu, makoma mpaka pa bimu, denga, zitseko ndi mawindo, kenako zomalizira. Gawo lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo mumalemba ndalama imene mukuyembekeza ndi mwezi wake kuti muone pamene idzakufikitseni. Malangizo anga ndi oti musayambe gawo limene simungalimalize, ndipo makoma asakwere ngati simukuona kumene ndalama ya denga idzachokere mvula isanagwe kawiri. Ndalama ikapezeka nthawi yomanga isanakwane, gulani zinthu zosawonongeka: malata, zitsulo, mafelemu, misomali. Zimenezo zimasunga mphamvu ya ndalama yanu kwacha ikamatsika. Simenti yekha musamusunge. Ndi chinyezi cha kunyanja kuno amayamba kuchita mibulu, ndipo akadutsa miyezi itatu mphamvu yake imakhala itatsika ngakhale thumba likuoneka labwino.

Tsopano za kugulitsa kwenikweniko, kumene kuli kovuta kuposa kupanga.

Ogula anga ambiri alibe laputopu. Ali ndi foni, kawirikawiri yong'ambika galasi, ndipo amatsegula fayilo ndi WPS Office kapena Excel ya pa foni. Izi zinandichititsa kuti ndipange matebulo opapatiza, oti munthu asamasunthe chala kumanja ndi kumanzere kufunafuna nambala. Timabokosi toyenera kulembamo ndi tachikasu, totsala tonse n'tokhoma kuti chala chikaphonya chisafufute fomula. Mawu ake ndi a Chichewa cha pa sayiti. Fayilo imagwira ntchito popanda intaneti, chifukwa bandulo imatha ndipo netiweki kumidzi ina imavuta. Ndimalengeza pa Facebook ndi pa sitetasi ya WhatsApp, munthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ine n'kumutumizira fayilo pamodzi ndi mauthenga a mawu omuyendetsa tsamba ndi tsamba. Mtengo wake ndimausunga pansi pa mtengo wa thumba limodzi la simenti, kuti ndizitha kuuza munthu moona mtima kuti ikamupulumutsira thumba limodzi lokha ndiye kuti yabweza ndalama yake.

Amene anandikayikira kwambiri poyamba anali amisiri anzanga. Bambo wina wachikulire, woti wamanga nyumba zambiri kuno ine ndisanagwire njerwa, anandiimitsa pa Kamuzu Road pafupi ndi mashopu a hadiweya.

"Mphwanga, ndamva za kompyuta yakoyo. Ukufuna mabwana azititenga ngati akuba?"

"Ayi bambo," ndinatero. "Tiyeni tikhale pansi tiwerenge ya inuyo, osati ya bwana."

Tinatenga nyumba imene anali atangoimaliza. Anagwirizana ndi mwini wake ndalama imodzi ya leba, kuyambira pa fawundeshoni mpaka pa bimu. Tinalemba malipiro a anyamata awiri owathandiza, masabata amene ntchito inatenga kuphatikizapo masiku amene anakhala osagwira podikira simenti, kabaza wa m'mawa ndi madzulo, chakudya cha masana, fosholo ndi ndowa zimene anagula okha. Titachotsa zonsezo n'kugawa zotsalazo ndi masiku, zinapezeka kuti pa tsiku ankapeza zosasiyana kwenikweni ndi mnyamata wokanya matope. Anakhala chete, kenako anati, "N'chifukwa chake ndimamaliza nyumba ndili ndi ngongole." Kuchokera apo ndinapanga fayilo ina ya amisiri okha, yowerengera leba, aganyu, zida ndi phindu, yotulutsa koteshoni yooneka bwino yoti atumize pa WhatsApp. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mmisiri wolungama ndiye amapindula kwambiri manambala akakhala poyera. Manambala akakhala obisika amalephera kupikisana ndi mnzake wotchula mtengo wotsika n'kudzabwezera pogulitsa simenti wa bwana kuseri, ndipo mwini nyumba wopanda chiwerengero sangasiyanitse awiriwa.

Gulu lina lalikulu ndi abale athu amene ali ku Joni ndi kwina kunja. Munthu akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town, akudzimana, akutumiza ndalama pa Mukuru kwa mchimwene wake kapena malume ake kuti amumangire kumudzi. Amangoona zithunzi. Zaka zikapita amabwera n'kupeza nyumba ili pa windo, chibale n'kutha pomwepo. Kwa amenewa ndimaika fayilo pa Google Sheets kuti onse awiri aziona tsamba limodzi, wina ali kuno wina ali uko. Muli malo olemba zogula: tsiku, chinthu, kuchuluka, mtengo ndi amene wagula. Matumba ogulidwa akapitirira amene gawolo limafuna, kabokosi kamafiira. Ena amaganiza kuti cholinga ndi kugwira wakuba. Nthawi zina zimatero, koma ndaonanso kangapo fayiloyi ikuyeretsa m'bale wosalakwa. Wa kunja uja amakhala akukumbukira mitengo imene anaisiya pochoka, ndipo akauzidwa ya lero amaona ngati akunamizidwa. Akaona kuti matumba ndi omwewo amene nyumba imafuna, chasintha ndi mtengo, mtima umakhala pansi.

Makomiti a matchalitchi, mizikiti ndi sukulu amagulanso, ndipo kwa iwo chofunika kwambiri ndi pepala losindikiza loti msungichuma awerenge pamaso pa anthu. Ndinakonza kuti tsamba la chidule lizikwana pa pepala limodzi la A4.

Vuto limene aliyense wogulitsa zinthu zotere amakumana nalo ndi lakuti fayilo imayenda. Mukagulitsa kwa mmodzi, iye amatumizira mlamu wake, mlamuyo n'kuiponya pa gulu la WhatsApp. Pasiwedi imateteza mafomula kuti asasokonezedwe, koma siletsa munthu kutumiza. Ndakumanapo ndi anthu akundionetsa fayilo yanga yomwe osadziwa kuti ndinapanga ndine. Walira mvula walira matope: njira imene imandifikitsa kwa wogula wa ku Dwangwa ndisanakwere minibasi ndi yomweyo imene imaipereka ulere kwa ena. Sindilimbana nazo. Chimene munthu amalipira kwenikweni ndi zinthu ziwiri zosatumizika. Choyamba ndi mitengo yatsopano, poti mwezi uliwonse ndimazungulira m'mahadiweya a m'tauni muno, kwa oumba mabuloko, oswa kwale ndi eni malole, n'kutumizira ogula anga tsamba la mitengo. Chachiwiri ndi nthawi yanga pa foni, kuyang'ana zimene munthu walemba ndi kumuuza kuti apa mwaika masentimita pofunika mamita.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa mafayilo oyendawa ndi china. Munthu akhoza kulandira fayilo yokhala ndi mitengo ya chaka chatha, n'kuikhulupirira chifukwa yachokera mu kompyuta, n'kuyamba nyumba ndi ndalama yosakwana. Pamenepo ndiye kuti chida changa chathandiza kubweretsa vuto lomwe ndinachipangira kuti chithetse. Choncho pamwamba pa tsamba loyamba ndinaikapo tsiku limene mitengo inalembedwa, m'zilembo zikuluzikulu, ndipo pakadutsa masiku 30 mzerewo umafiira n'kunena kuti mitengoyi yakalamba, pitani mukafunse kushopu. Ngakhale amene sanandilipire aone chenjezo limenelo.

Pali ntchito zimene ndimakana. Wina akandiuza kuti akufuna kumanga nyumba yosanja, holo yaikulu ya tchalitchi yopanda mizati pakati, kapena thanki ya madzi ya pamwamba, ndimamuuza kuti apeze injiniya ndi quantity surveyor, ndipo fayilo sindimugulitsa. Iyo imawerenga zimene mwaiuza. Singakuuzeni kuti chitsulo cha Y12, chonenepa mamilimita 12, chikwanira kunyamula silabu ya m'mwamba, kapena kuti fawundeshoni izame bwanji pa makande a puloti yanu. Singakuuzeninso ngati malowo ndi oyenera kumangapo. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake, ndipo chaka chomwecho madzi osefukira anasamutsa mabanja ambiri ku Dwangwa. Musanagule puloti yotsika mtengo kufupi ndi madzi, funsani akuluakulu a pamalopo kuti madzi anafikapo pati, ndipo mupite ku khonsolo. Imeneyo ndi ntchito ya miyendo ndi makutu anu.

Ngati mukufuna kundipeza, konzekerani izi kuti tisataye mayunitsi. Mukhale ndi pulani, ngakhale yojambula pamanja, bola chipinda chilichonse chikhale ndi muyeso wake ndipo zitseko ndi mawindo zioneke. Muyeze njerwa kapena mabuloko amene mudzagwiritse ntchito. Mudziwe mtunda wochokera pa tala kufika pa puloti, kumene madzi adzachokere, ndi mtundu wa dothi, kaya ndi mchenga, katondo kapena makande. Ngati mmisiri munamupeza kale, ndimakonda kuti tiyankhulane tonse atatu, iyeyo amve zimene ndikukuuzani ndipo anditsutse pamene akuona kuti pamalopo zinthu zimayenda mwina.

Panopa ndikumaliza fayilo ya mpanda wa njerwa ndi ya dzenje la chimbudzi cha madzi, poti ambiri akhala akuzifunsa. Ndikufunanso kuti tsamba la mitengo likhale ndi mbali ya Nkhotakota payokha, chifukwa thiransipoti imasiyanitsa mitengo ya kumeneko ndi ya kuno. Amisiri a ku Benga, Nkhotakota boma ndi Dwangwa amene mungathe kumanditumizira mitengo ya simenti, mchenga, kwale, matabwa ndi malata ya kwanuko mwezi ndi mwezi, ndilembereni. Fayilo ya amisiri ndidzakupatsani ulere, ndipo ndidzakuphunzitsani kuigwiritsa ntchito.